Jeke, SiDakwa ndi Sutukesi ya Agogo

 Madzulo ano tikambirana za kanema wakale: za akatswiri amene makolo athu ankawakonda ngati abale awo chonsecho sanagwiranepo nawo chanza, ndiponso za anthu amene amatolera ndi kusunga zinthu zimene akatswiriwo anasiya.

Tiyambe ndi za ndalama, pakuti ndizo zimadzutsa ngakhale munthu wosinza. Mu December 2024, mumzinda wa Dallas ku America, anagulitsa pa okushoni nsapato zofiira zimene mtsikana wotchedwa Judy Garland anavala m'filimu ya The Wizard of Oz ya mu 1939. Wopambana anatchula madola 28 miliyoni, ndipo ataphatikizapo gawo la ogulitsa analipira madola 32.5 miliyoni. Nsapatozo si zagolide ayi. Ndi nsapato wamba zimene anazikuta ndi tinthu tonyezimira, ndipo zinabedwapo m'nyumba yosungiramo zinthu zakale mu 2005 n'kudzapezeka mu 2018. Mu 2010, kavalo wa kauboyi wotchuka Roy Rogers, dzina lake Trigger, amene anafa mu 1965 koma chikopa chake anachikonza n'kuchiimika ngati wamoyo, anagulidwa pa madola 266,500 ku New York.

Chodabwitsa n'chakuti eni mafilimu enieniwo poyamba ankaziona zinthu zimenezi ngati zinyalala zodzaza nkhokwe. Mu 1970 kampani ya MGM inakhuthula mosungiramo katundu wake n'kugulitsa zovala, mipando ndi zipewa zambirimbiri pamtengo wolira. Mayi wina wochita nawo mafilimu, Debbie Reynolds, anamva chisoni n'kugula zochuluka ndi ndalama za m'thumba mwake, napitiriza kutolera kwa zaka makumi anayi. Pamene anazigulitsa mu 2011, deresi loyera limene Marilyn Monroe anavala m'filimu ya The Seven Year Itch linapita pa madola 4.6 miliyoni. Chimene chimakweza mtengo chotere si nsalu. Mwana amene anaonera filimuyo ali ndi zaka khumi amakula, mwina n'kulemera, ndipo akamakalamba amafuna kugwira ndi manja kachidutswa ka usiku umene anasangalala uja. Akapezeka awiri otere, chinthucho n'chimodzi, komanso pali makalata otsimikiza kuti n'chenicheni, mtengo umathawa ngati bwato la mwera kumbuyo.

Tsono wina ali pakhonde ku Namiasi kapena ku Malindi afunsa kuti, "Nanga ife zikutikhudza bwanji?" Yankho langa ndi ili. Chikondi cha pa akatswiri a kanema chinalipo kuno monga momwe chinalili ku London kapena ku Bombay, ndipo mwina chinali chotentha kuposa kumeneko. Chinasiyana ndi njira imene kanema anadzera pofika kuno. Mnyamata wa ku London ankatuluka m'nyumba ya kanema ali ndi tikiti m'thumba, chithunzi cha katswiri chogula pakhomo ndi magazini ya mlungu umenewo. Mnyamata wa ku Fort Johnston, monga momwe boma la Mangochi linkatchedwera masiku amenewo, ankabwerera kunyumba chimanjamanja, zonse zili m'mutu. N'chifukwa chake zotsala zathu n'zochepa, n'zosalimba, ndipo zambiri sizili m'bokosi koma m'kamwa mwa anthu amene akutha.

Njira yoyamba inali ya kumigodi. Kwa zaka zambiri amuna a dziko lino ankapita kukagwira ntchito ku Salisbury, ku Bulawayo, ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia ndi ku Johannesburg, kumene tinkangoti ku Joni, ena paulendo wa selefu, ena kudzera kwa Wenela. Cha m'ma 1920, mbusa wa ku America wotchedwa Ray Phillips anayamba kuonetsa mafilimu m'makomboni a migodi ya golide, ndipo eni migodi ataona kuti anthu akukhazikika madzulo anayamba kulipira ntchitoyo. Mafilimu a nthawi imeneyo anali osalankhula, choncho Myao, Mshangani ndi Msutu ankaseka pamodzi popanda womasulira. Amene anawagwira mtima kwambiri anali Charlie Chaplin, kamunthu ka kandevu pansi pa mphuno, kachipewa kozungulira, kandodo kopindika ndi nsapato zazikulu zoloza uku ndi uku. Anthu a m'migodi anamupatsa dzina lawolawo, SiDakwa, ndipo inu omvera mwamva kale tanthauzo lake, pakuti ife timati chidakwa. Phillips mwini wake analemba kuti pa chipolowe cha mu 1922, pamene azungu ogwira ntchito m'migodi ananyanyala ntchito n'kuyamba kuputa anthu akuda, iye anaonetsa Chaplin kwa khamu lokwiya la m'komboni ina, ndipo anthu amene anali atanyamula zibonga anakhala pansi n'kuyamba kuseka. Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri, ndipo sindifuna kuibisa yachiwiriyo: kanema wa m'komboni anali chisangalalo, komanso anali chingwe chomangira anthu kuti asaganize zambiri. Phillips ankayamba waonera yekha filimu iliyonse n'kudula zimene ankaona kuti munthu wakuda sayenera kuona.

Pambuyo pa SiDakwa panabwera akauboyi. Mayi wina wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, ndipo m'buku lake la Copper Town anafotokoza kuti oonera kanema kumeneko ankatcha kauboyi aliyense wopambana dzina limodzi lokha, Jack, limene pakamwa pathu linasanduka Jeke. Kaya pansalu pali Roy Rogers, kaya Gene Autry, kaya wina, kwa iwo anali Jeke basi. Chingerezi cha akauboyi n'chovuta ngakhale kwa mphunzitsi, phokoso la oonera linkaphimba mawu, ndipo lumo la boma linali litadula filimuyo mwakuti mutu ndi mchira sizinkagwirizana. Komabe anthu sankasowa nkhani. Ankaipanga okha, akukuwa, akuimirira, akuponya zibakera m'malere pamodzi ndi Jeke wawo. Ana ankasema mfuti za mitengo ndi kuyenda motangadza miyendo ngati angotsika pakavalo. Matchona pobwerera kumudzi anadza nazo zonsezi: chipewa cha khonde lalikulu, lamba wa chitsulo chonyezimira, kampango ka m'khosi, ndi mayendedwe amene akazi kudambwe la madzi ankawazindikira munthu akali patali.

Kumwera komweko n'kumene kunatulukanso akatswiri akuda oyamba amene anthu athu anawaona pansalu. Mu 1949 kunatuluka filimu ya Jim Comes to Jo'burg, imene ena amaitcha African Jim, ndipo woimba wa m'menemo, Dolly Rathebe, anasanduka nyenyezi ya Africa yense wa kumwera. Mu 1951 kunabwera The Magic Garden, mmene mnyamata wotchedwa Willard Cele ankaliza kachitoliro kachitsulo m'misewu ya Alexandra. Kulira kwa kachitoliroko kunathandiza kufalitsa nyimbo za kwela, zimene zinadzamera mizu kuno kwathu m'manja mwa anyamata a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, amene Gerhard Kubik wa ku Austria anawajambula pafilimu mu 1967. Mukamva gitala ndi chitoliro cha a Kachamba, dziwani kuti mukumvanso kamphepo kochokera ku bayisikopo ya ku Joni.

Njira yachiwiri inali ya galimoto. Pakati pa 1935 ndi 1937, azungu awiri, Notcutt ndi Latham, anapanga mafilimu 35 ku Vugiri m'dziko la Tanganyika pantchito imene inkatchedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Anakweza makina awo palole n'kuyenda nawo ku Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Kenya ndi Uganda, mawu ofotokozera ali pambale za galamafoni m'zinenero zingapo, kuphatikizapo Chinyanja ndi Chitumbuka. Kenaka mu 1948 maboma a Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri anakhazikitsa Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury, ndipo bungweli linapanga mafilimu mazanamazana kufikira 1963. Nkhani zake zinali za mlimi wanzeru ndi mlimi wopusa, za kusunga ndalama ku positi ofesi, za mnyamata wa kumudzi amene akupita kutauni n'kukaberedwa, monga mu Mulenga Goes to Town. M'masiku a chitaganya mafilimuwo anadzazidwa ndi zotamanda boma limene anthu sankalifuna, ndipo ambiri anayamba kuliyang'ana ndi diso lofiira galimoto la kanema. Titalandira ufulu mu 1964 magalimoto anapitirira kuyenda, a Dipatimenti ya Zofalitsa Nkhani ndi achikasu aja a Unduna wa Malimidwe amene ankabwera ndi zidole zolankhula.

Akuluakulu amene mukumvera mukukumbukira m'mene zinkakhalira. Uthenga unkadzera kwa amfumu ndi kusukulu. Dzuwa likamapendeka galimoto lafika pabwalo, nsalu yoyera yakungidwa, injini ya magetsi yayamba kugunda, ana atakhala kale patsogolo mafumbi ali mbuu. Munthu mmodzi ankaima ndi chimkuzamawu n'kumamasulira, ndipo kukoma kwa filimu kunkadalira lilime la munthu ameneyo: waluso ankatha kusandutsa phunziro louma la kukumba chimbudzi kukhala nthabwala yoti anthu aziikamba mwezi wathunthu. Pofuna kuti anthu asabalalike, ankasungira kumapeto kafilimu koseketsa kapena ka akauboyi. Kukacha, pabwalo pangotsala mapazi a matayala. Akulu anati mlendo ndi mame, ndipo kanema wa kumudzi anali mlendo wotero. Sankasiya tikiti, sankasiya chithunzi, ngakhale dzina la filimu nthawi zambiri silinkadziwika.

Pano pali chinthu chimene chimandiwawa. Anthu amene ankasewera m'mafilimu a Central African Film Unit anali anthu wamba, alimi, aphunzitsi, amesenjala ndi amayi a pamudzi, otengedwa pamalo pomwe filimu ikujambulidwa. Amenewa ndiwo akatswiri athu oyamba a kanema m'chigawo chino cha Africa, koma ambiri maina awo sanalembedwe paliponse. Mipukutu yochuluka ya mafilimuwo ikusungidwa ku National Archives of Zimbabwe mumzinda wa Harare, ina ku Britain. N'kutheka kuti m'chitini china kumeneko muli agogo a munthu amene akumvera pulogalamu ino, akuyenda ndi kuseka ali mtsikana, koma palibe amene angaloze chala n'kunena kuti awa ndi auje a kwa auje. Oti akadawazindikira akutha chaka ndi chaka.

Njira yachitatu inali ya kutauni, ndipo sinditayapo nthawi chifukwa inali ya ochepa. Ku Blantyre ndi ku Limbe kunali nyumba za kanema, yotchuka kwambiri Apollo, mmene munkaonetsedwa mafilimu a ku America, a ku India ndi a karate. Kuchokera ku Mangochi ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 190, choncho amene ankalowamo anali ana a sukulu za sekondale, ogwira ntchito m'boma ndi oyendetsa malole a nsomba. Lamulo la mu 1968 linapatsa mphamvu bungwe la boma kuti liziona filimu iliyonse isanaonetsedwe, ndipo lumo lake linali lakuthwa. Malamulo a zaka za m'ma 1970 analetsanso amuna kusunga tsitsi lalitali ndi kuvala mabuluku otambalala kumiyendo, mwakuti mnyamata wokonda katswiri wake sakanatha kumutsanzira momasuka pamavalidwe. Anamutsanzira m'njira zina. Bruce Lee anamwalira mu July 1973 ali ndi zaka 32 zokha, koma kwa zaka makumi awiri zotsatira panalibe bwalo la sukulu m'dziko muno pamene mwana sanakuwepo ngati mphaka n'kuponya mwendo m'mwamba.

Nanga zogwirika ndi manja zimene zinatsala ndi ziti? Zambiri ndi mapepala, ndipo zinabwera m'masutukesi a matchona. Magazini ya Drum, imene inayamba mu 1951, inkasindikiza zithunzi za Dolly Rathebe, Miriam Makeba ndi anzawo, ndipo anthu ankazidula n'kuzimata mkati mwa chivundikiro cha sutukesi kapena pakhoma la mphala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 eni Drum anatulutsanso African Film, magazini imene inali ngati filimu ya papepala: zithunzi zenizeni zotsatizana, mawu ali m'timabaluni, mwini nkhani ali Lance Spearman, wapolisi wachinsinsi wa chipewa ndi kandudu kukamwa, amene owerenga ankangomutcha Spear. Inafalikira m'maiko ambiri a mu Africa mpaka inaleka kutuluka cha mu 1972, ndipo lero osunga zinthu zakale amaifunafuna. Palinso makalendala a m'masitolo a Amwenye okhala ndi nkhope za akatswiri a ku Bombay, mbale za galamafoni za nyimbo za m'mafilimu, ndi zithunzi za ku situdiyo zimene mnyamata ankajambulitsa atavala chikauboyi kuti atumize kwa bwenzi lake kumudzi. Mwa zonsezi, chithunzi cha ku situdiyo ndicho ndimachiyesa chamtengo wapatali, chifukwa nkhope ya John Wayne ilipo miyandamiyanda padziko, koma ya amalume anu atavala ngati John Wayne ilipo imodzi yokha. Mtsinje umenewu wa mapepala unaphwa mwadzidzidzi mu April 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo, ndipo boma linaimitsa kulemba anthu a kumigodi kwa zaka zingapo.

Dziko lathu linakhala lopanda wailesi yakanema yakeyake mpaka 1999. Mpata umenewo unadzazidwa ndi mavidiyo sho, timanyumba ta mabenchi ndi nsalu yakuda pakhomo, timene tinamera m'misika yonse, pa Mangochi Boma, ku Monkey Bay, ku Namwera ndi m'madoko a asodzi, kumene ndalama ya usipa imapezeka m'mawa n'kutha madzulo. Mbadwo umenewo unali ndi akatswiri akeake: Rambo, Commando, Chuck Norris, Van Damme, Jackie Chan, Amitabh Bachchan, ndipo pambuyo pake a ku Nigeria. Onani kuti chizolowezi cha Jeke sichinafe. Sylvester Stallone ndi Arnold Schwarzenegger maina awo enieni sankatchulidwa kawirikawiri. Munthu ankadziwika ndi dzina la filimu imene anatchuka nayo, ndipo ankalitenga dzinalo kupita nalo m'filimu ina iliyonse.

Ku Ghana, eni mavidiyo oyendayenda a zaka za m'ma 1980 ndi 1990 ankalemba akatswiri ojambula kuti awapentere zithunzi zoitanira anthu pamatumba a ufa wa tirigu osokedwa pamodzi. Nthawi zambiri wojambulayo anali asanaione filimuyo, choncho ankangowonjezera minofu, mfuti ndi njoka monga mwa mutu wake. Makina osindikizira atatchipa, zithunzizo zinatayidwa. Anthu akunja anazitola pamtengo wa bonya, buku la zithunzizo lotchedwa Extreme Canvas linatuluka ku America, ndipo lero zimapachikidwa m'nyumba zoonetseramo zaluso ku Ulaya. Kuno kwathu choitanira anthu chinali bolodi ndi choko, kapena chikwama cha tepi chokhomedwa pachitseko. Bolodi ankalifufuta tsiku lililonse. Tsopano mafilimu alowa m'mafoni, mavidiyo sho akucheperachepera, ndipo ndikukayika ngati alipo amene anasunga bolodi limodzi, chikwangwani chimodzi, kapena kope limene mwini sho ankalembamo mafilimu ndi ndalama za tsiku.

Wina anganene kuti tsobola wakale sawawa, zakale zipite. Koma tamverani m'mene zinthu zimatayikira ngakhale kwa anthu a chuma. Mu 2013 laibulale yaikulu ya boma la America inalengeza kuti mwa mafilimu aatali osalankhula amene anapangidwa m'dzikomo, 70 pa 100 alionse anatayika kotheratu. Mwa mafilimu 35 a Notcutt ndi Latham aja, odziwika kuti alipo ndi atatu okha. Ndipo kupulumuka kwa filimu kawirikawiri kumadalira munthu mmodzi wouma mutu. Ku South Africa filimu ya Joe Bullet, mmene Ken Gampu ankasewera ngati ngwazi yakuda yosagonja, inaletsedwa ndi boma la tsankho mu 1973 itangoonetsedwa kawiri. Amene anaipanga, Tonie van der Merwe, anasunga mipukutu yake kwa zaka makumi anayi, ndipo chifukwa cha iyeyo filimuyo inakonzedwanso n'kuonetsedwa ku Berlin mu 2015.

Tsono tifike pa zoti tichite, pakuti Mangochi ndi dera loipa kwambiri kwa pepala ndi filimu. Kutentha kwa mwezi wa October pansi pa denga la malata, chinyontho cha kunyanja, chiswe, mphemvu ndi njenjete, zonse zimagwirizana. Onjezanipo madzi: mu 2024 nyanja inakwera kuposa m'mene inachitira kwa zaka zambiri n'kulowa m'nyumba za m'mphepete, ndipo sutukesi imene imakhala pansi pa bedi ndiyo imayamba kumira. Zithunzi ndi magazini zisungidwe m'bokosi lachitsulo louma, loikidwa pamwamba, losagunda khoma ndiponso losayandikira denga, ndipo pakati pa chithunzi ndi chinzake pakhale pepala loyera. Musazimate ndi selotepi kapena guluu, pakuti zimenezi zimadya pepala n'kusiya chipsera chachikasu. Musazipititse kokazikuta ndi pulasitiki yotenthetsa ija, ngakhale zimaoneka zokongola, chifukwa chimene chalowa m'menemo sichitulukanso chamoyo. Polemba kumbuyo gwiritsani ntchito pensulo, osati bolopeni, ndipo lembani dzina la munthu, malo ndi chaka. Nthawi ya chilimwe tulutsani zonse muziunike pamthunzi, osati padzuwa. Mdzukulu amene ali ndi foni azijambule chimodzichimodzi n'kutumizako kwa abale, kuti moto kapena madzi zikadza, nkhope zisapite zonse.

Mukapeza mpukutu wa filimu m'nyumba yakale ya mishoni, ya sukulu kapena ya sitolo, yambani mwayeza m'lifupi mwake. Ngati ndi wopyapyala ngati chala chimodzi, umenewo ndi wa mamilimita 16, mtundu umene magalimoto a kanema ankayenda nawo, ndipo suyaka moto wamba. Mdani wake ndi kutentha ndi chinyontho: ukayamba kuwonongeka umanunkha ngati viniga, n'kumakwinyika, ndipo nthendayo imapatsira mipukutu yoyandikana nayo, choncho wonunkhawo upatulidwe. Ngati ndi wotambalala ngati zala ziwiri, wa mamilimita 35, ndipo ukuoneka kuti ndi wa chaka cha 1951 chisanafike, chenjerani nawo kwambiri. Mafilimu a nthawi imeneyo ankapangidwa ndi mankhwala a nitrate amene amayaka ngati petulo, ndipo akayaka sazima ngakhale muwaponye m'nyanja. Usayandikire moto, nyali kapena fodya. Mtundu uliwonse umene mwapeza, musayese kuutambasula kapena kuuika m'makina akale, chifukwa filimu youma imathetheka. Dziwitsani a National Archives ku Zomba kapena a nyumba yosungiramo zinthu zakale.

Kunena za ogula, mawu ndi awiri. Oyamba ndi a inu amene muli ndi abale ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo m'boma la Mangochi ndinu ambiri. M'misika ya zinthu zakale kumeneko ndi pa intaneti mumapezeka zithunzi zimene amati katswiri anasainapo ndi dzanja lake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngakhale m'masiku akalewo, makampani a mafilimu ankalemba anthu ntchito yosainira akatswiri, ndipo masiginecha ena ankangodindidwa ndi makina. Lero makina osindikizira amatha kukalambitsa pepala la dzulo kuti lioneke la mu 1950. Popanda umboni wa kumene chinthu chachokera, ndalama yanu isatuluke. Achiwiri ndi a inu amene mlendo angakupezeni pakhomo n'kukupatsani kangachepe pa magazini kapena chithunzi cha agogo. Katundu ndi wanu, ndipo njala siimva mbiri yakale. Koma musagulitse tsiku lomwelo. Funsani ena, jambulani chinthucho, lembani dzina la wogula, ndipo chithunzi cha munthu wa m'banja mwanu chisachoke popanda mbumba kudziwa.

Chotolera chachikulu koposa sichifuna bokosi. Munthu amene anaonera kanema wa galimoto mu 1955 ali ndi zaka khumi, lero wapitirira zaka 80. Khalani naye pansi madzulo, foni ili pamphasa ikujambula mawu, ndipo mumufunse bwinobwino: Agogo, galimotolo linkaima pati? Ankamasulira ndani, m'Chiyao kapena m'Chinyanja? Amayi ankaloledwa kupita? Munkamutcha dzina lanji wa kachipewa uja? Ndani m'mudzi muno anatengera dzina la m'kanema mpaka kufa nalo? Musawadule pakamwa akasokoneza mafilimu awiri kukhala imodzi, pakuti filimu imene ili m'mutu mwawoyo, yosokedwa ndi iwo eni, ndiyo imene sipezeka ku Harare kapena ku London. Aphunzitsi a m'masukulu a kwa Mponda, Chimwala, Nankumba ndi Makanjira angathe kuwapatsa ana ntchito imeneyi patchuthi chimodzi chokha n'kutolera zimene wofufuza wa kunja sangazipeze pa zaka zisanu.

Pa Mangochi Boma, pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria ndi mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, pali nyumba ya Lake Malawi Museum, imene imasunga mbiri ya nyanja, ya sitima zake ndi ya anthu ake. M'maganizo mwanga, chipewa cha mtchona, magazini ya Spear ndi bolodi la vidiyo sho zili ndi malo m'nyumba yotero mofanana ndi ngalawa ndi mkondo, chifukwa nazonso zikunena m'mene anthu a kunyanja anakhalira. Ndipo tisadikire kuti chinthu chikalambe. Mu 2012 a Shemu Joyah anatulutsa The Last Fishing Boat, filimu yojambulidwa m'mphepete mwa nyanja yathu yomweyi, yonena za msodzi amene moyo wake ukugwedezeka chifukwa cha kutha kwa nsomba ndi kubwera kwa alendo okaona malo, ndipo a Hope Chisanu ndi a Flora Suya anasewera m'menemo. Papita kale zaka zoposa khumi. Alipo anthu a m'midzi ya kunyanja amene anaima kumbuyo kwa akatswiriwo pojambula, amene anabwereketsa bwato kapena ukonde, amene anajambulitsa nawo chithunzi pafoni imene mwina inafa kalekale. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, kapena muli ndi chikwangwani cha filimuyo, tengani pensulo usiku uno mulembe kumbuyo kwake tsiku, doko ndi maina a onse amene akuoneka.